Mtsuko Wobooka Umene Rakele Anagulitsa

Ku Nkholongue mukafunsa kwa Rakele Samisoni, anthu sakulozerani nyumba, amakulozerani njira imene wadutsa. Wina anena kuti wangomuona kumene akutsetserekera kugombe, wina ati ayi, ali pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pamene pamagwira netiweki, ndipo onsewo amakhala akunena zoona. Mayiyu sakhala pansi. Ngakhale pa misa amakhala kumapeto kwa benchi, phazi limodzi litaloza kale kukhomo. Anzake a m'kwaya amamuseka kuti anabadwira pa ulendo, ndipo sanama. Anabadwira kutsidya kwa nyanja, ku Malawi, kumene makolo ake anathawira nkhondo ya kuno, amayi ake n'kutsala m'manda a kutsidyako, abambo ake n'kuwatsatira posakhalitsa. Pobwerera kuno anabwera ali kumsana kwa azakhali ake, a Felizarda, amene anamulera mpaka kukula.

A Felizarda sanabereke mwana wawo. Moyo wawo wonse unathera pa dongo: kuumba mitsuko, miphika ndi nkhali, kuzisalaza ndi kamwala, kuziyanika pamthunzi, kenaka kuziwotcha. Anayesetsa kumuphunzitsa Rakele, koma dongo limafuna munthu wa matako olemera, ndipo iye amenewo analibe. Anagulitsako usipa ku Metangula, anagulitsako kaunjika, anakwatiwako, zonsezo n'kumutopetsa zisanafike pena paliponse. Chimene chinamukhazika mtima pang'ono ndi foni. Tsiku lina anajambula mitsuko ya azakhali, n'kuika zithunzizo pagulu la malonda la pa Watsapu limene muli amayi a m'tauni ya Lichinga, ndipo lisanalowe dzuwa anthu anali atayamba kufunsa. Kuyambira pomwepo ntchito inagawika yokha: azakhali kuumba, Rakele kuthamanga.

Kugulitsa kokha sikovuta. Chovuta n'choti mtsuko uchoke kunyanja, ukwere chapa, minibasi ija yodzaza anthu ndi matumba, udutse zitunda za ku Maniamba, ukafike ku Lichinga uli wamoyo. Rakele amayala udzu wouma m'dengu, n'kukulunga mtsuko m'masamba a nthochi, n'kumanga ndi luzi mpaka zala kuwawa. Akafika nawo ku Metangula amaupereka kwa Teodoro, dalaivala amene amakangana naye tsiku lililonse koma sangapereke katundu kwa wina. Amamuuza kuti pamwamba pa dengulo pasakhale thumba la chinangwa, Teodoro n'kulumbira, galimoto n'kunyamuka, Rakele n'kutsala akudziwa bwinobwino kuti thumba la chinangwa likhalapo.

Ndiye kumabwera madandaulo, ndipo apa m'pamene Rakele anatchukira. Wina amalemba kuti mtsuko ukudontha, pamene ukungotuluka thukuta monga umachitira mtsuko uliwonse watsopano. Wina anaika mphika pamoto waukulu tsiku loyamba lomwe, osayamba waphikiramo phala la gaga kuti ukhwime, ndipo utang'aluka akuti walandira chosweka. Wina mwana wake ndiye wagwetsa, koma mlandu ukhale wa chapa. Rakele anapeza njira yake. Asanatumize mtsuko amaugogoda ndi chala, n'kujambula kulira kwake pa foni, n'kutumizira wogula. Mtsuko wabwino umalira ngati belu, wa mng'alu umangoti phwa. Wodandaula aliyense amauzidwa kuti naye agogode, atumize mawu. Ukamveka kuti wasweka panjira, Rakele amatumiza wina mosanyinyirika kwenikweni. Koma zoti katundu abwerere, ayi. Ankanena modzitama kuti mtsuko wake ukakwera chapa wakwatiwa, sabwerera kwa makolo.

Chimene sankachiona, ndi maso ake akuthwa aja, chinali m'nyumba mwake momwe. Azakhali anali kutha. Chitenje chimene kale chinkangokwana chinayamba kuzungulira kawiri. Ankaumba atatsamira chipupa, ndipo akapita kuchipatala ankabwerako osanena kanthu. Anthu a pamudzi ankaona, nanong'onezana. Rakele ankalowa, kufunsa ngati mitsuko yauma, kutuluka. Munthu yekhayo amene anali naye padziko ankamuchoka pang'onopang'ono, iye ali kalikiliki kufunafuna netiweki.

M'nyengo ya mwera, mayi wina wa ku Lichinga, Dona Nádia, anaitanitsa mtsuko waukulu wa madzi akumwa. Ankaufuna msangamsanga chifukwa kunyumba kwake kunkabwera alendo. Mitsuko yaikulu yonse inali isanawotchedwe, ndipo azakhali anali atapita kumapemphero a amayi. Rakele anazungulira nyumba, mtima uli m'mwamba, poopa kuti wogulayo apita kwa wina. Atasuzumira kunsi kwa bedi la azakhali anaona chinthu chokulungidwa m'nsalu yakale. Anachikoka. Unali mtsuko wokongola kuposa yonse imene anagulitsapo, wofiira bwino, wa mizere yosongoka paphewa. Anaganiza kuti nkhalamba zimangokonda kubisa zabwino. Anaugogoda, unalira. Sanautembenuze n'komwe. Anaukulunga, nathamanga nawo kuti akapeze Teodoro asananyamuke.

M'mawa mwake foni inalira ali pachulu paja. Dona Nádia, amene amayi ake ndi a kunyanja konkuno ndipo Chinyanja amachidziwa, anati wathira madzi mumtsuko ndipo onse athera pansi, chifukwa mtsukowo ndi wobooka. Rakele sanadikire kumva zambiri. Anayankha kuti mitsuko ya azakhali ake sibooka, kuti mawu a kulira kwake anatumiza, ndiponso kuti anthu ena a m'tauni amaswa zinthu okha kenaka n'kumafuna zaulere. Mawu otsirizawo anawalemba pagulu, pamaso pa aliyense. Dona Nádia sanabweze chipongwe. Anangotumiza chithunzi cha kunsi kwa mtsuko.

Rakele anachikuza ndi zala ziwiri, akukonzekera kale kumulalatira Teodoro. Koma bowo limene analiona silinali la msewu. Msewu umang'alula, umabenthula, susiya bowo lozungulira bwino chonchi, losalala m'mphepete, lofiira ngati mtsuko wonse. Bowoli linabooledwa ndi chala dongo lidakali lofewa, moto n'kulipeza lilipo kale. Azakhali anachita dala. Ndipo azakhali saumba miphika ya maluwa. Amati dongo lawo si lodyetsa zomera zosadyedwa.

Pamenepo anakumbukira kumanda akale a pansi pa mitengo, kumene kunagona agogo ake. Pamanda pawo pali mtsuko wovundikira, wobooledwa kunsi, monga ankachitira akale: chiwiya cha womwalira amachiboola kuti ntchito yake yatha, ndiponso kuti wina asachitole n'kukatungira madzi. Ansembe sazikonda zimenezi, koma mitsukoyo ilipobe. Wa agogowo unali ndi mizere yosongoka paphewa. Anakumbukiranso kuti pokoka mtsuko uja kunsi kwa bedi, pambali pake panali yunifomu ya amayi a tchalitchi, yochapa, yosita, yopindidwa bwino, imene amayi a kuno amavekedwa pa ulendo wotsiriza. Anakhala pansi pachulupo, ndipo anachita mantha kwambiri. Azakhali ankakonzekera imfa yawo, iye n'kugulitsa mtsuko wa pamanda pawo kwa mlendo.

Anaimba foni, Dona Nádia osayankha. Analemba kuti mtsukowo ubwerere, atumiza wina. Yankho linabwera lalifupi: palibe chobweza, nkhani yatha, ndipo asamuvutitsenso. Munthu uja amene ankati katundu wake sabwerera tsopano ndiye anali kupempha, wogula n'kumakana.

Kunyumba sanathe kuwayang'ana azakhali kumaso. Anabwereka mtsuko waukulu kwa mayi wina woumba wa pafupi, nanena kuti akupita ku Lichinga kukaona za malonda. Azakhali anangoti ayende bwino. M'chapa Rakele anavutitsa aliyense. Galimoto ikaima kuti munthu akweze mbuzi, iye ankafunsa ngati afika chaka chino. Pa Maniamba anatsika, kukweranso, kutsikanso. Teodoro anamufunsa ngati wakhalira linthumbu, koma ataona kuti sakubweza mawu monga mwa masiku onse, anangoponda mafuta.

Nyumba ya Dona Nádia anaipeza mofunsira. Mtsuko unali pakhonde, utadzazidwa dothi, m'kati mwake mutadzalidwa duwa. Mwini nyumba anatuluka, mayi wamtali wovala magalasi, ndipo sanamupatse mpando. Anati poyamba anakwiya, koma kenaka anaona kuti bowolo n'labwino kwa maluwa, ndipo alendo ake onse ausirira. Anati za madzi wagula kale ndowa. Anawonjeza kuti munthu amene wamutcha wakuba pagulu alibe choti n'kudzapempha pakhomo pake.

Rakele anali ndi mawu ambiri okonzeka, aja amagwiritsa ntchito pa ogula ovuta, koma onse anali opanda ntchito. Anatula mtsuko watsopano uja, nagwada pasimenti.

"Dona Nádia, ndinakulakwirani, ndipo ndikapepesa pagulu pomwe ndinakunyozeranipo. Koma mtsukowu sunali wogulitsa. Azakhali anga anauumba kuti ukakhale pamanda pawo. Akudwala, ndipo ine sindinkadziwa. Ndinautenga kunsi kwa bedi lawo osawafunsa."

Dona Nádia anayang'ana mtsukowo. Kenaka anafunsa ngati mwambo woboola ziwiya za pamanda udakalipo, chifukwa pamanda a agogo ake ku Metangula anaonapo mbale yobooka ali mwana, koma palibe anamuuza tanthauzo lake. Sanadikire yankho. Anagwada nayenso, nayamba kufukula duwa lija ndi manja, mosamala kuti mizu isaduke. Awiriwo anakhuthula dothi, natsuka mtsuko ndi madzi a mundowa, madziwo akutulukira pabowo n'kumayenderera pakhonde. Potsazikana Dona Nádia anati chipepeso cha pagulu chija akuchifunabe, ndipo Rakele anachilemba ali chiimire pageti.

Pobwerera anakana kuti mtsuko ukwere pamwamba kapena kumbuyo. Anaufungatira pamiyendo ulendo wonse, m'mabampu ndi m'makona a chitunda, manja atachita dzanzi. Foni inkanjenjemera m'chikwama, iye osaigwira, poopa kuti akachotsa dzanja limodzi mtsuko ugunda chitsulo cha mpando. Njira yonse ankangopemphera pemphero limodzi, kuti akawapeze azakhali ali moyo, ndiponso asanasuzumire kunsi kwa bedi.

Theka la pempherolo linayankhidwa. Anawapeza atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, akusalaza kamphika kakang'ono ndi kamwala kawo. Anayang'ana katundu amene Rakele anasenza, nayang'ananso ntchito yawo.

"Wabwera nawo," anatero. "Sunabenthuke?"

Rakele anati sunabenthuke. Anautula pamkeka, naumasula. Azakhali anaugogoda ndi chala, namvetsera, nagwedeza mutu. Anati anadziwa tsiku lomwelo kuti wapita, chifukwa nsalu yokulungira anaipeza itatayidwa pakhomo. Rakele anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire kuti matenda afika pamenepa. Iwo anati anayesapo kangapo, koma nkhani yotere siuzidwa kwa munthu amene waimirira. Ndiye Rakele anafunsanso chimene chinkamuvutitsa njira yonse: bwanji anauboola okha, pamene mwambo umati oboola ndi otsala, maliro atachitika?

Azakhali anaseka pang'ono, chifuwa n'kuwadula.

"Otsala ake ndi ndani? Ndiwe wekha, mwanawe. Ndipo ndimakudziwa. Ukanaugwira mtsuko wabwino chonchi, n'kuugogoda, n'kumva kulira kwake, dzanja likanakana kuuboola. Ukanati tiyeni tiikepo wina wosweka kale, uwu uli ndi wogula. Ndiye ndinati ndikuchepetsere ntchito."

Rakele anafuna kukana, koma akanakana bwanji, mtsukowo utangochokera kumene ku Lichinga? Analira, kulira kwenikweni kwa mwana, ndipo azakhali anamusiya alire. Foni inayambanso kunjenjemera m'chikwama. Mwachizolowezi bondo lake linadzuka lokha, kuti athamangire kuchulu mawu asanaduke. Azakhali anaona, nasendera pang'ono kuti adutse.

Sanadutse. Anabweza bondo lija pansi, nakhala pamkeka, miyendo atatambasula ngati mmene amakhalira oumba. Anafunsa ngati dongo lonyowa latsalako. Azakhali anamukankhira chibulumwa chimene chinali m'nsanza yonyowa, namuuza kuti ayambe ndi kuchotsamo timiyala, ndipo asafulumire, chifukwa ali ndi zambiri zoti amuuze.