Kathumba kanga kabala mbuliuli

Mwaswera bwanji nonse. Tamvani zandichitikira lero.

Chimwalirireni mayi a Chisomo, mapazi anga amazizira usiku wonse, ndipo Juni wa kuno ku Durban alibe chisoni. Mayi Phiri, atelala a kutchalitchi kwathu, anandisokera kathumba ndi chitenje chakale cha malemu. Anati ndithiremo chimanga chouma, ndizikatenthetsa mu maikulowevu, ndizigona nako kumapazi.

Chimanga chosagaya kuno n'chosowa. Pochokera kuntchito ku Morningside ndagula kapaketi ka timaso ting'onoting'ono tachikasu. Ndathira, ndamanga, ndayatsa. Posakhalitsa ndangomva phu! phu! phu! Kathumba kafufuma ngati mtanda wa mandasi. Abale, chinali chimanga cha mbuliuli!

Nditawaimbira, Mayi Phiri aseka mpaka kutsokomola. "Eish, abambo, mumafuna kufunda kapena kutafuna? Thiranimo mpunga."

Mulungu ndi wabwino, chitenje sichinapse, msoko wokha ndiwo wamasuka. Mbuliuli tagawana ndi aneba.

Koma achemwali, mpunga umene ndili nawo ndi wa Kilombero uja munanditumizira, ndinasungira Khirisimasi. Nditapeko pang'ono? Mukakana sindidandaula, ndigona ndi nsapato.