Munanditulutsiranji, a Kochi?

Lero chakwana chaka kuchokera pamene tinakuikani m'manda ku Iponga, a Kochi, koma mutu wanga sunakhazikikebe. Inu munasewera m'matimu ambiri, ku Mzuzu, ku Blantyre mpaka ku Mbeya, ndipo bondo litakana munabwerera kudzatiphunzitsa ife mpira pabwalo lafumbi la ku Lupembe. Tsiku lija kunabwera bambo wa timu yaikulu ya ku Lilongwe kudzasankha osewera, ine ndinali nditamwetsa kale zigoli ziwiri. Pa hafu munangonditulutsa. Ndinavula jezi n'kulira anthu akuona. Inu munandipatsa madzi n'kunena kuti, "Khala pasi, mwana wane. Ndidzakuuza." Bamboyo anatenga mnzanga, ine n'kutsala.

Ndinakufunsani kangapo, koma munkangoseka n'kuyamba nkhani ina. Pano ndili pabanja, ndimalima mpunga, ana akudya. Mnzanga uja akungosinthasintha matimu, sadziwa komwe adzagone chaka chamawa, koma dzina lake limamveka pa wailesi. Ndiye munandipulumutsa, kapena munandiphera tsogolo? Ndikati ndikwiye, ndimakusowani. Ndikati ndithokoze, mtima umakana. Pumulani bwino, a Kochi. Ine kuno sindikudziwa choti ndiziwauza ana anga za inu.