Dzira Lofiira la Mayi Choko

Pasukulu ponse ankadziwika kuti Mayi Choko, chifukwa cha fumbi loyera lomwe silinkachoka m'manja mwawo, pamapewa, mwinanso m'nsidze. Anaphunzitsa masamu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo m'chikwama mwawo simunkasowa bolopeni yofiira. Ana ankaidziwa bwino bolopeniyo. Ukakhoza inkachonga. Ukalakwa inkazunguliza polakwapo, ndipo mzere wozungulirawo ana ankautcha dzira.

Mphunzitsi wa kompyuta atasamutsidwa, ahedi anawapatsa kalasi yake mongogwirizira.

"Teremu imodzi yokha, mayi," anatero ahediwo. "Ana akakhoza mayeso apakompyuta, kalasi ndi yanu. Akalephera, ndipempha wina, inu mubwerere kubolodi."

Kubolodi ndiye kumene Mayi Choko sankakufunanso. Mawondo anali atayamba kudandaula, chifuwa nacho chinatopa ndi fumbi. Koma chachikulu n'chakuti ntchito yatsopanoyi anangoikonda, chikondi chakuukulu chija chosamva malangizo.

Mwana wawo wamkazi, yemwe amagwira ntchito kunja, anawatumizira tabuleti ndi kacholembera kake kopanda inki. Akaweruka ankakhala patebulo la pabalaza, magalasi ali pamphuno, n'kumajambula sikirini ya pulogalamu yolembera makalata. Pachithunzipo ankalembapo ndi kacholembera kaja: muvi apa, nambala apo, mawu awiri atatu m'zilembo zawo zopendekeka. Amene anapanga pulogalamuyo, kutali uko, sanaimepo pamaso pa ana makumi asanu olimbirana makompyuta khumi ndi awiri. Anangomwaza timabatani ngati nyerere. Mayi Choko ankasankhapo tofunika tokha, m'mawa pulojekita n'kuonetsa zithunzizo pakhoma.

Ana anagwira msanga. Koma panali chinthu chimodzi chowasowetsa mtendere mayiwo: anawo sankasunga zimene alemba. Lolemba alemba kalata yooneka bwino, Lachitatu kutsegula kompyuta, mbee! Batani losungira mayiwo analizunguliza pachithunzi, kenako kawiri, kenako katatu ndi mzere wonenepa. Sizinathandize. Ndipo pamayeso, kalata yosasungidwa ndi kalata yosalembedwa.

Kutatsala sabata imodzi kuti mayeso alembedwe, Loweruka masana, anatsegula laputopu yakale yakusukulu n'kuitana amuna awo, dalaivala wa basi wopuma pantchito, omwe ankapukuta nsapato pakhonde.

"Bambo, tabwerani mukhale mwana wasukulu."

"Msinkhu uno? Yunifolomu mundigulira?"

"Kabudula wanu wong'ambika uja akwana. Khalani apa, muzitsatira zithunzizi."

Bamboyo anakhala, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha. Muvi woyamba anautsatira, wachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa batani lozungulizidwa lija analilambalala bwinobwino, n'kupinda manja.

"Ndamaliza, madamu."

"Nanga apa mwadumphiranji?"

"Pofiirapo? Ndapenga ine? Zaka zonsezi ndakunyamulirani makope, ndikudziwa kuti pamene mwaikira dzira pagwa tsoka. Ngakhale pamsewu, mayi, chikwangwani chozungulizidwa ndi chofiira chimati usalowe. Ine sindinagwidwepo ndi apolisi, ndiyambe lero m'nyumba mwanga?"

Mayi Choko anavula magalasi. Anayang'ana chithunzicho, anayang'ana amuna awo, kenako anaseka mpaka kutsamira tebulo. Kacholembera kanali ndi mitundu yambirimbiri, koma dzanja lawo linathamangira kofiira lokha, monga ng'ombe yodziwa khola lake.

Lolemba anaonetsa chithunzi chomwecho pakhoma.

"Tandiuzani zoona, ana inu. Batani ili simulidina chifukwa chiyani?"

Ana anayang'anana. Kenako mtsikana wina wamtali wakumbuyo, wosaopa kulankhula, anakweza dzanja.

"Madamu, si munaliikira dzira? Timayesa ndi loononga kompyuta."

"Kodi sindinkanena kuti muzidina?"

"Mumanena belu litalira, madamu, mipando ikukokedwa. Ife timangoona dzira likunenepa sabata ndi sabata. Tinkachita kuchenjezana kuti wolikhudza alipira kompyuta."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, mayiwonso. Anatenga kacholembera, anafufuta mazira atatu aja ana akuonerera pakhoma, ndipo pambali pa batanilo anachonga. Anachonga ndi chofiira chomwecho, mchira wautali wopita m'mwamba, monga ankachitira m'kope la mwana wokhoza zonse.

"Nanga apa?"

"Pokhoza, madamu!"

"Dinani."

Kunamveka kuti tha, tha, tha, m'makompyuta onse khumi ndi awiri. Wina anatseka pulogalamu n'kuitsegulanso, ataona kalata yake ilipo anakuwa ngati wapeza mbuzi yotayika.

Tsiku la mayeso ahedi anayenda okha kompyuta ndi kompyuta, gulu ndi gulu, akutsegula makalata. Mwa ana makumi asanu, anayi okha ndi amene ntchito yawo inasowa.

"Kalasi ndi yanu, mayi," anatero ahedi potuluka. "Koma dzina lija titani nalo, poti choko mwasiya?"

"Lisiyeni. Ndinalivutikira."

Kunyumba anapeza bambo aja atakhala kale patebulo, atapesa tsitsi.

"Ndamva kuti ana akhoza. Nanga ine wophunzira woyamba, malikisi anga ali kuti?"

Mayi Choko anapisa m'chikwama, anatulutsa bolopeni yofiira yakale ija, anagwira dzanja la amuna awo n'kuchonga kuseri kwake.

"Musasambe mpaka Lamlungu," anatero, akuyatsa tabuleti kuti akonze phunziro la mawa.