Mizere Iwiri ya Kuseri kwa Nyumba ya a Matiki

Ntchito yokhoma madenga sindinachite kuifunafuna ayi, inandipeza ndili pamwamba pa tchalitchi. Ndinali nditatha miyezi inayi ku Joni, ndikugona m'kanyumba ka malata ka msuweni wanga ku Nkaneng, ndikudyera maganyu a lero apa mawa apo. Lamulungu lina tili m'mapemphero ku Bapong, komwe Amalawife timasonkhana, mphepo inazula lata limodzi n'kuyamba kulimenyetsa mpaka mlaliki osamveka. Ine ndine wa ku Phalombe, mphepo yotsika m'phiri ndinakula nayo. Ndinavula nsapato, ndinakwera, n'kuuza anzanga kuti azindipatsira miyala ndi zidutswa za njerwa. Lata linakhala chete, ndipo ndinatsika ndikudzimva kuti mpingo wonse wandiona.

Pansi panaima mkulu wina wamfupi, wa imvi, chipewa chili m'manja. Anali a Kamwendo, mchona wa ku Ntcheu amene anathera unyamata wake mu mgodi, ndipo atapuma anayamba kukhoma madenga a matailosi. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu.

"Pamwamba suopa, zimenezo ndaona," anatero. "Koma nzeru zako ndi za miyala. Mawa sikisi koloko ndikupeze pa siteji ya matekisi, tikayambe kuzichotsa."

Sabata yoyamba sindinakhome kanthu. Ntchito yanga inali kunyamula matailosi a simenti, anayi anayi paphewa, kukwera nawo makwerero n'kukawaunjika timilu timilu padenga kuti kulemera kusakhale mbali imodzi. Madzulo zala zinkakhala zosupuka, phewa lili moto. Kenako anayamba kundionetsa dongosolo lake. Akalipentala akaimika mathirasi, matabwa akuluakulu onyamula denga, ife tinkayala pulasitiki wochindikala kuyambira m'munsi, wapamwamba akuphimba wapansi kuti madzi asapeze polowera. Pamwamba pake tinkakhoma mabateni, timatabwa ting'onoting'ono tomwe matailosi amakolekapo. Mpata wa pakati pa mabateni a Kamwendo ankayeza ndi kathabwa kamene anadula okha, kosachoka m'thumba la ovolosi yawo. Mzere tinkaumenya ndi chingwe cha choko. Matailosi tinkayala kuyambira m'munsi kudzanja lamanja, a m'makona tikudula ndi galainda, ndipo pomaliza tinkakhazika a pamsana pa denga m'matope a simenti ndi mchenga. Ukaponda pakati pa tailosi m'malo moponda pomwe lagona pa bateni, unkangomva kuchokera kumbuyo, "Pasopa, mampara iwe." Mampara ndi mawu a mu mgodi, otanthauza chitsiru, koma m'kamwa mwawo ankatuluka ngati dzina la mdzukulu.

Lamulo lawo lalikulu linali la m'mphepete. Mizere iwiri ya m'munsi, iwiri ya m'mbali ndi iwiri ya pamwamba, tailosi lililonse linkayenera msomali wosachita dzimbiri komanso kilipu, kangowe kachitsulo komwe kamagwira mlomo wa tailosi n'kulikanikiza ku bateni. Ankati mphepo siikankha denga kuchokera pamwamba, imalowetsa dzanja kunsi kwa tailosi la kumapeto n'kulitukula, ndipo limodzi likachoka enawo amatsatira. Ine ndinkavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkaseka. Kwathu lata lopepuka timaligonjetsa ndi miyala inayi. Nanga tailosi, lomwe palokha ndi mwala kale, mphepo yake iti?

Anali ndi khalidwe linanso limene eni nyumba ankaliona ngati ukalamba. Denga likatha, ankatenga kahamala ka chogwirira chakuda n'kuyenda chokwawa, akugogoda tailosi limodzilimodzi, khutu atatchera. Anandiuza kuti mu mgodi, anthu asanayambe ntchito, iwo ankatsogola ndi mgwala, akumenya mwala wa pamwamba pa mitu yawo. Mwala wolimba unkalira bwino, wofuna kugwa unkamveka ngati mphika wong'aluka. Matailosi nawonso amayankha chimodzimodzi: long'aluka limalira mogontha, losakhoma limanjenjemera. Tikakhala pansi masana kudya buledi ndi acha wa mango ndi tsabola, ankandipatsa chidutswa chachikulu ponena kuti iwo mano anatha. Ndinkawakonda, ngakhale kuti pa nthawiyo sindikanadziwa kunena choncho.

Chakumapeto kwa chilimwe tinapeza ntchito ku Luka, panyumba ya a Matiki. Amenewa anali mnzawo wa a Kamwendo wa mu mgodi, mchona wa ku Zomba amene anakwatira mayi wa Chitswana wa komweko, Mma Lerato. Fumbi la pansi linawadya m'chifuwa, ndipo pomwe tinkayamba ntchito anali atagonekedwa m'chipatala. Denga lakale la malata linkadontha pamwamba penipeni pa bedi lawo. A Kamwendo anapita kukawazonda n'kuwalonjeza kuti akadzatuluka adzagona pouma, mvula ichite zimene ingachite. Lonjezo limenelo ankalibwereza tsiku lililonse, ngati kuti ine ndinali wogontha.

Loweruka lomaliza dzuwa linali loswa mtengo. A Kamwendo nawo chifuwa chinawavuta, moti anakwera makwerero theka n'kutsika, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapichesi. Kanali koyamba kundisiya ndekha pamwamba. Kutsogolo ndinakhoma zonse bwinobwino, poti n'kumene ankandiona. Nditafika kuseri, mbali yoyang'ana kuchigwa, zala zinali zitatuluka magazi, matailosi akuotcha mawondo, ndipo kilipu iliyonse inkafuna kuti ndiwerame mutu uli pansi. Ndinayang'ana mizere iwiri yotsalayo, yogona bwino, yolemera bwino, ndipo nzeru zanga za miyala zinandibwerera. Ndinangoisiya osakhoma. Makilipu otsala ndinawabisa pansi pa chikwama changa.

"Wakhoma zonse?" anandifunsa nditatsika.

"Zonse, madala."

Anayang'ana kahamala kawo, anayang'ana makwerero, kenako anatsokomola nthawi yaitali. "Chabwino. Lero ndikhulupirira iweyo."

A Matiki anatuluka m'chipatala Lachiwiri. Ine ndinkayenda ndi makilipu aja m'chikwama, ndikamakwera tekisi akulira ngati makiyi, ndikudziuza kuti ndidzapeza mpata wopita ndekha kukakhoma. Mpatawo sindinaufune kwenikweni.

Lachinayi tinali pa ntchito ina kufupi ndi tauni, tikusintha matailosi osweka. Cha m'ma thu koloko kumadzulo kunada bii, ndipo fumbi loyera la pamilu ya migodi linayamba kuuluka chopingasa. Mvula yoyamba ya kuno imabwera choncho, mphepo patsogolo, matalala pambuyo. A Kamwendo anayang'ana kumwamba akumwetulira.

"Ibwere," anatero. "Lero Matiki agona ngati khanda."

Mawu amenewo anandilowa ngati msomali. Ndinatsika, ndinatsegula chikwama, ndinakhuthula makilipu aja patsogolo pawo. Ndinanena zonse.

"Mizere ingati?"

"Iwiri, madala. Kuseri."

"Pamwamba pa chipinda chake." Sanali kufunsa. Anatola makilipu aja mmodzimmodzi n'kundibwezera m'manja. "Kwera galimoto."

Njira yonse ya ku Luka maso awo anali pamsewu basi. Ndikanakonda akananditukwana, ngakhale kundimenya khofi. Kagalimoto kawo kakale kankagwedezeka ndi mphepo, mapepala akuuluka pamsewu, ine ndikupemphera pemphero losalongosoka.

Titafika tinapeza matailosi atatu ali zidutswa m'dimba la masamba. Ena ankatukuka n'kugwa, kutukuka n'kugwa, akuwomba ngati mbale m'beseni. Mma Lerato anaima pakhomo atafunda bulangete kumutu. Chichewa chawo chinali cha m'banja, chosakaniza, koma chomveka.

"Ntate Kamwendo, denga lanu likuyimba," anatero. "Anzanu akufunsa ngati ndi mmene limachitira."

A Kamwendo anandimanga chingwe m'chiuno, anachiponya kudutsa msana wa denga n'kuchimangirira kugalimoto. Ndinakwera, ndinagona chafufumimba, n'kuyamba kukhoma: tukula tailosi la pamwamba, menya msomali, koleka kilipu, sunthira kwina. Fumbi linkalowa m'maso. Iwo anaima pamakwerero akundipatsira matailosi atsopano, akutsokomola, chipewa chitapita kale ndi mphepo. Ndinamaliza mzere woyamba. Ndili pakati pa wachiwiri, matailosi ena awiri anatukuka pafupi ndi phazi langa n'kupita, ndipo pulasitiki wa pansi pake anang'ambika ndikuona. Pomwepo matalala anayamba kundimenya pamsana, ndipo mphezi inang'anima chakufupi.

"Tsika," anakuwa a Kamwendo.

"Patsala pang'ono, madala."

"Ndati tsika. Amayi ako sindikuwadziwa, ndikawauza chiyani?"

Ndinatsika. Lero ineyo sindingalole munthu kukwera denga kunja kuli choncho, ndipo ndikudziwa kuti nawonso sakanalola likanakhala denga la wina.

M'chipinda madzi anali atayamba kale kutsika pasiling'i, molunjika pabedi. A Matiki anali atadzikoka mpaka kukona, mabulangete atanyowa, akupuma ngati munthu wokwera phiri. Tinawanyamula ndi matiresi omwe kupita nawo pabalaza. Munthu amene ankagwira makina obowola mwala tsiku lonse anali wopepuka kuposa matailosi anayi. Mma Lerato anawavula malaya onyowa, anawafunditsa zouma, osandiyang'ana n'komwe. Ine ndinkatchera zidebe, manyazi akundiotcha kuposa dzuwa la Loweruka lija.

Mvula itakata, a Kamwendo anakhala pampando pafupi ndi mnzawo. Ndinakonzeka kumva dzina langa.

"Matiki, Mma Lerato, ndakulakwirani," anatero. "Denga ili sindinaligogode."

"Ayi, madala, ndine amene..."

"Iwe khala chete. Wako mlandu uli pakati pa iwe ndi ine."

A Matiki anaseka, kuseka kwake kukuthera m'chifuwa. "Kamwendo, zaka zonse zija pansi sunaphonyepo tsiku. Wadikira ndituluke mu mgodi kuti denga lindigwere?" Kenako anandiyang'ana ine. "Mphwanga, kwanu n'kuti?" Nditawauza, anagwedeza mutu. "Basi ndamva. Inu a miyala padenga."

A Kamwendo anandikodola, tinalowa m'chipinda muja. Bedi linali matabwa okhaokha, madzi akudonthabe. Anandiuza kuti ndigone pamenepo. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino, koma anabwereza. Ndinagona chagada, ndi ovolosi yanga yamatope, dontho likundigwera pachipumi.

"Ukuona chiyani?"

"Siling'i yonyowa."

"Ndi zokhazo zimene Matiki amaona. Sangakwere kukayang'ana ngati wakhoma. Ife denga tinaliphunzira tili pansi pake, iwe waliphunzira uli pamwamba. Vuto lako ndi limenelo basi." Anandisiya pamenepo kanthawi ndithu, ndipo ndinalira, osati chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito.

Sanandichotse. M'mawa mwake tinachotsa mbali yonse ya kuseri, tinayala pulasitiki watsopano, ndinakhoma tailosi lililonse ndi msomali ndi kilipu. Nditamaliza anatulutsa kahamala kaja n'kundiponyera. Ndinakwawa denga lonse ndikugogoda, iwo ataima pansi, mutu atapendeka. Mma Lerato anatibweretsera tiyi, ndipo kapu yanga anaiika pafupi nane n'kunena kuti, "Imwa, mampara." Mawuwo anali atawatola kwa a Kamwendo, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yatha. A Matiki anadwala chimfine masiku angapo chifukwa cha kunyowa kuja, ndipo tsiku lililonse ndinkafunsa za iwo mtima uli m'mwamba. Anachira, n'kukhala m'chipinda chimenecho nyengo ziwiri za mvula, pouma, mpaka pamene anatisiya.

Pano ndili ndi gulu langa la anthu atatu. Ndisanayambe denga lililonse ndimapempha mwini nyumba andionetse pogona, ndione amene adzakhale pansi pa ntchito yanga. Ena amadabwa, ena amaganiza kuti ndikufuna kuona katundu wawo, koma ndimaima pamenepo n'kuyang'ana m'mwamba basi. Mizere ya kuseri ndimayamba ndi imeneyo, thupi lisanatope.

A Kamwendo sakweranso. Amakhala pakhonde ku Bapong, mpweya ukuwaperewera, akukangana ndi wailesi. Ndikamaliza denga ndimawaimbira foni ndili pamwamba, ndimaiika pafupi ndi tailosi n'kuyamba kugogoda mzere wa m'mphepete. Sindikhulupirira kuti amamva kanthu, ndi mphepo komanso phokoso la magalimoto, koma sindinawauzepo zimenezo. Mwezi wathawu ndinawaimbira kuchokera ku Luka komweko, ndinagogoda matailosi asanu ndi limodzi.

"Tailosi lachinayilo," anatero. "Bwereza."

Ndinaseka, koma ndinabwerera n'kulitukula. Kilipu yake inali isanakole.