Magazi a Belita, odzaza kasupuni

A Eneya a ku Jenala ndi munthu woluka nkhokwe. Ang'amba nsungwi kuyambira ali mnyamata, manja awo ndi zipsera zokhazokha. Masiku ano anthu amasunga chimanga m'matumba, koma iwo sanasiye. Wofuna nkhokwe akasowa, amaluka makola a nkhunda.

Chaka chatha akazi awo, a Belita, anayamba kufooka ndi kutuluka magazi m'kamwa. Anawatumiza ku Blantyre, kumene anawapeza ndi khansa ya m'magazi.

Tsiku lina kuwodi kunabwera mtsikana wa kafukufuku, Jenifer, pepala lili m'manja. Ankapempha magazi a Belita, odzaza kasupuni, akavomera adinde chala. A Belita anangoyang'ana amuna awo. A Eneya anakayikira, poti kuno nkhani ya anamapopa sinaiwalike.

"Mukatani nawo, mwanawe? Omwe atsalawo ndi ochepa kale."

Jenifer anawaonetsa chithunzi pafoni. "Aka ndi kaselo kodwala, kanthu kakang'ono ka m'magazi. Kunjaku kali ndi timinga ngati chipwete. M'kati muli timitanda tokagwira kuti kasaphwanyike."

"Kali ndi nsichi?"

"Tinene choncho. Tikakathira mpweya wina, naitiriki okusaidi, timitandato timamasuka, khungu lake limatuluka matuza, mwina kamafa."

A Eneya anadzambatuka. "Ndiye apatseni mayiwa mpweyawo!"

"Ayi bambo, si mankhwala. Timangoyesera m'mbale. Ndiponso thupi lawo limaupanga lokha."

"Limaupanga kale? Nanga akudwaliranji?"

"Ukakhala wochepa, nthawi zina umachita kukateteza kaseloko."

A Eneya anakhalanso pansi, mutu utaima. Mpweya wopha, womwewo woteteza, uli kale m'thupi, koma wosachiritsa. Anatembenuza foni ija chadodolido, osaonapo kusintha.

"Bambo a Nickson, mugwetsa foni ya eni," anatero a Belita. "Yanu ija munaigwetsera m'chitsime."

A Eneya sanaseke. Ankaganiza za nkhokwe imene inagwa kwa a Laston, anansi awo kumudzi, kunja ikuoneka yabwinobwino, m'kati chiswe chitamaliza nsichi.

"Chiswe sichifunsa mwini nkhokwe," anatero. "Mpweya wanuwo udziwa bwanji kuti aka n'kodwala, aka n'kabwino?"

Jenifer anayankha kuti, "Sitikudziwa, bambo. N'zimene tikufufuza. Mayiwa mwina siziwathandiza n'komwe. Akakana, mankhwala awo alandirabe."

A Eneya anakanda m'mutu.

A Belita anadzuka pang'onopang'ono, n'kutambasula dzanja. "Asing'anga atatu amene tinapitako onse ankati akudziwa, mbuzi yathu inapita. Uyu yekha wanena kuti sakudziwa. Bweretsa inkiyo, mwana wanga."

Anadinda.

A Eneya ali kumudzi tsopano, akuluka khola la nkhunda, a Belita atakhala pamphasa pambali pawo. Ukawafunsa a Eneya za mpweya uja, amayamba bwinobwino ndi chipwete, akafika pa nsichi amasokonezeka, n'kuti, "Funsani mayiwa, ndiwo anadinda."