Dengu la Nyemba pa Kagombe ka Atate

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anatopa nako kudikira. Atate anapita ku Beira kukagwira ntchito ine ndisanagweruke mano, mano atsopano n'kumera onse iwo osabwera. Anthu ku Domwe anayamba kunong'ona kuti munthu uja watchona.  Amayi anapuntha nyemba za m'munda wa atatewo, n'kudzaza dengu, n'kundiuza kuti ndisambe tizipita.

Tinakwera kamyau, lole ija ya katundu, kenako komboyo, sitima ya panjanji, ine mphuno ili pazenera njira yonse. Ku Beira anatiuza kuti munthu wathuyo za padoko anasiya, akugwira nsomba pa kagombe kena kobisika, kofikako pa ngalawa basi. Tinakwera ngalawa n'kukatsika komweko.

Kagombeko, abale inu! Mitengo inakazinga mbali zonse, mchenga woyera wootcha kumapazi, mphepo ikununkha mchere ndi nsomba zouma. Panali tisakasa titatu, eni ake onse ali panyanja. Madzi anali kutali, choncho amayi anatula dengu pamchenga wosalala, ife n'kukakhala pamthunzi. Ife a kumapiri timadziwa kuti madzi amasefukira mvula ikagwa kumtunda, ndipo tsikulo kumwamba kunali mbee.

Tinasinza ndi kutopa. Podzidzimuka, dengu likuyandama, madzi afika pafupi ndi mapazi athu. Amayi m'malo mothamangira dengu anangoima n'kumayang'ana kumwamba, kusakasaka mtambo umene wachita zimenezi. Ine ndinayamba kulira. Amene anavuula dengulo anali bambo wina woonda, wakuda bii ndi dzuwa, yemwe anadumpha m'bwato. Ndinadziwa kuti ndi atate poona mmene amayi anagwadira.

Atate, akuseka koma misozi ili chuchuchu, anafotokoza kuti nyanja ya kumeneko imachoka n'kubweranso tsiku lililonse, popanda mvula. Amayi anamvetsera mwaulemu, akuyanika nyemba zotsalazo pansalu yawo. Kenako anati, "Ndiye kuti madzi a kuno amadziwa kubwerera okha, aPhiri? Popanda wowalondola?"

Atate sanasekenso. Anatola nyemba imodzi, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati mvula yayandikira kwathu. Tinabwerera kumudzi tili atatu.

Ndili mtsikana ndinkawaona amayi ngati munthu wamantha chifukwa sankakalipa. Lero ndakalamba, pabanja ndakhalapo, ndipo pakamwa panga pandipalira zambiri. Ndimawasowa mayi aja. Mawu anali nawo odzaza nkhokwe, koma anadikira mpaka atapeza amodzi oti mwamuna wawo awamve popanda kuchititsidwa manyazi pamaso pa mwana wake.