Kansalu kathu kanatsala ku Zanzibar

Abale owerenga nyuzi ino, ndabwerako ku hanimuni. Amene mukudikira zithunzi zanga nditavala kabudula m'mphepete mwa nyanja, lezani mtima. Zithunzizo zilipo, koma mukaziyang'anitsitsa muona kuti mkazi wanga Tisa akumwetulira m'zoyambirira zokha.

Malowo anatipezera msuweni wanga wokonda za pa intaneti. Anati tisapite ku mahotela akuluakulu, koma ku kanyumba ka alendo ka zipinda zochepa ku Zanzibar, kumene mwini wake amakulonjera ndi dzina lako. Sananame. Denga la masamba a kokonati, makoma oyera mbee, bedi loti banja lonse la kwathu ku Kanyama lingagonepo n'kutsalanso malo a alendo. Koma ine choyamba kuona chinali mawindo. Zitsulo zotchinga mbala kunalibe, mpanda kunalibe, ngakhale galu wouwa kunalibe. Munthu wokulira m'komboni, wozolowera kukhoma chitseko n'kutsamiritsapo mpando, mtima sukhala pansi pa malo otere. Ndinangodzilimbitsa kuti tabwera kudzasangalala.

M'mawa mwake tinapita kunyanja. Ine ndinalowa mpaka m'mawondo, Tisa anangoviika zala za kumapazi n'kunena kuti madzi a m'komboni amene amalowa m'nyumba nthawi ya mvula anamukwana kale. Tinaseka, tinamwa madzi a kokonati, tinajambulana. Dzuwa litafika pamutu tinabwerera kuchipinda.

Nditatsegula chitseko, Tisa anaima chilili pakhomo. Bedi limene tinalisiya losayala linali litayalidwa. Pamwamba pake panali timasamba ta maluwa ofiira, toyalidwa mozungulira, ndipo pakati panali matawelo awiri opotedwa ngati mbalame zogundanitsa milomo. M'chipinda monse munkamveka fungo la lubani.

"Imwe," anatero motsitsa mawu, "kuli munthu anangena muno."

Ndinayamba kumufotokozera kuti ku malo otere ndi mmene amachitira, kuti ndi ulemu kwa ongokwatirana kumene. Sankandimva. Anathamangira kuseri kwa chitseko cha bafa, anayang'ana pa msomali, anayang'ana pansi, anakhuthula chikwama chonse pabedi. Kenako anatembenukira kwa ine. Kansalu kanali katapita.

Akuluakulu mwamva kale. Kwa achinyamata, ndingonena kuti mkwatibwi akamaliza maphunziro, alangizi amamupatsa kansalu koyera ka m'chipinda. Ntchito yake mudzauzidwa nthawi yanu ikadzakwana. Lamulo lake ndi limodzi: dzanja la munthu wina lisakakhudze. Sikachapidwa ndi wina, sikayanikidwa panja, ngakhale mayi wako wokubala sakaona. Amati kakagwera m'manja mwa wanjiru, akhoza kumanga nako mimba ya mkazi, nyumba n'kukhala zii, yopanda mwana.

Ndiye taganizani. Ife amene kwathu ngakhale mlamu salowa kuchipinda chogona, tinachita kulipira kuti munthu wosamudziwa alowe, agwire zofunda zathu, atiikire maluwa ofiira pogona pathu. Walira mvula walira matope.

Tinapita kwa mwini nyumba, mayi waulemu kwambiri. Koma nkhani yotere umaiyamba bwanji m'Chingerezi? Ndinangoti tataya kampango. Mayiyo anaitana wantchito amene anakonza chipinda chathu, ndipo iye anatisonyeza ndi manja kuti chilichonse choyera amatenga kukachapa. Anatitsogolera kuseri kwa nyumba. Kumeneko mtima wanga unagwa. Zingwe zonse zinali zodzaza ndi tinsalu toyera, topukutira kumaso, topukutira pakamwa podya, tonse tofanana.

Tisa anayenda chingwe ndi chingwe, akutembenuza ngodya ya kansalu kalikonse, kufunafuna kaulusi kofiira kamene alangizi anasokerapo. Sanakapeze. Wantchito uja anatiuza kuti zochapa zina zapita kwa wochapa wa m'tauni, zina zili kale pa matebulo. Pa chakudya cha masana Tisa sanadye kanthu. Maso ake ankangotsatira alendo anzathu aliyense akanyamula kansalu kupita nako kukamwa.

Mwini nyumba anapepesa mochokera pansi pa mtima. Anatipatsa mtolo wa tinsalu tatsopano, womangidwa ndi riboni, n'kulonjeza chakudya chapadera pa mchenga. Kwa iye tinataya kampango. Sakanadziwa kuti mkazi amene waima pamaso pake akuona ukwati wake ukugwedezeka usanakwanitse ndi sabata yomwe.

Musaganize kuti ine ndinali ngwazi. Ndinapita kusukulu, Lamlungu ndimakhala kutsogolo m'tchalitchi, koma maluwa aja sindinawagwire ndi dzanja. Ndinawakokolola ndi patapata, ndinawaika m'pulasitiki, ndinakawataya kutali ndi nyumbayo. Mumtima ndinkati ndikuchitira Tisa. Zoona zake, nanenso ndinkaopa.

Ndinayesa kumutonthoza. Ndinati kuno palibe amene amatidziwa, angatichitire njiru ndani? Anandiyang'ana n'kundiyankha.

"Imwe ndimwe mwamuna, bazakusiyani chabe. Ni ine bazayangana pamimba. Mwaibala va ba Esnati?"

Sindinaiwale. Esnati ndi mkulu wake wa Tisa, anakwatiwa ku Chawama, m'nyumba ya lendi ya mabanja ambiri pa bwalo limodzi. Kansalu kake kanasowa, mwina kanapita ndi zochapa za mnansi, palibe akudziwa. Iye mwa mantha anaulula kwa apongozi ake. Zaka zitapita popanda mwana, nkhani yonse inagwera pa kansaluko. Anamutcha wosasamala, wosamva mwambo. Anamuyendetsa kwa asing'anga, kwa aneneri, kumapiri kukasala kudya. Mwamuna wake sanapondepo pakhomo la chipatala. Mapeto ake Esnati anabwezedwa kwa mayi ake ndi sutikesi imodzi. Bambo uja anakwatiranso, ndipo mpaka lero m'nyumba yatsopanoyo simunamvekebe kulira kwa khanda, koma za zimenezo palibe amene amatsegula pakamwa.

Pamenepo ndinazindikira kuti Tisa sankaopa kwenikweni mayi wa ku Zanzibar wokonza zipinda uja. Ankaopa ife. Ankaopa inu ndi ine, abale anga, azimayi a pa mpopi wa madzi, anzake a m'kwaya. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Masiku otsalawo kunyanja sitinapitenso limodzi. M'mawa uliwonse Tisa ankakhala m'chipinda kudikira kugogoda, ndipo wantchito akafika ankamupeza ataima pakhomo, manja atatambasula kuti alandire tsache. Ankasesa yekha, kuyala yekha. Ena akuyandama m'madzi obiriwira, mkazi wanga ankalondera chitseko ngati ali ku Kanyama.

Sindikunyoza alangizi. Zambiri zimene amaphunzitsa ndi zomanga banja, ndipo ulemu wa chipinda ndi chinthu chabwino. Koma tiyeni tifunsane. N'chifukwa chiyani mtsikana timamutumiza ku ukwati atasenza mantha ochuluka chonchi, pamene mnyamata timangomusisita paphewa n'kumuuza kuti wakula? Ine ondilangiza anandisunga madzulo amodzi okha, theka la nthawiyo tikukamba za mpira. Tisa anagwada milungu yambiri, ndipo phunziro lililonse linkatha ndi chenjezo la tsoka limene lingamugwere akaphonya.

Ndipo mwana akachedwa, timafufuza chiyani? Timafufuza kansalu, mphika, mchere, mnansi amene anayang'ana moipa. Timafufuza chilichonse chimene chingatifikitse kwa mkazi. Njira yopita kuchipatala ndi mwamuna timaiona yaitali kuposa ya ku Zanzibar.

Tinafika kunyumba Lachisanu. Lamlungu titaweruka kutchalitchi, azakhali anga a ku Matero anabwera kudzationa. Tisa anagwada n'kuwapatsa chitenje chimene tinawagulira. Anachilandira, anachiyamikira, koma maso awo sanali pa chitenjecho. Anatsikira pamimba pa Tisa n'kukhala pomwepo.

"Zikomo mwana wanga," anatero akuseka. "Koma ise sitifuna vitenge. Tifuna kamene kalila usiku."

Onse amene anabwera nawo anaseka, inenso ndinaseka nawo pang'ono. Tisa anadzuka kukatenga tiyi. Ukwati wathu unali usanakwanitse ndi mwezi umodzi.

Alendo atapita, tinatsala awiri m'nyumba. Tili m'sitima pobwerera tinali titagwirizana kuti za kansalu sitiuza munthu, tigula kena, tisokerapo ulusi wofiira, nkhani ithere pomwepo. Ndinamukumbutsa zimenezo pofuna kumulimbitsa mtima. Anapukusa mutu. Anati chinsinsi chimenecho adzachisenza yekha, ndipo mwezi uliwonse chizilemerabe.

"Lembani mu nyuzi yanu ija," anatero. "Bazibe manje manje, na imwe mulipo. Osati bakayamba kupenda myezi, ine nili neka."

Ndiye ndalemba. Kansalu kanasowa, ndipo tonse awiri tinali kunyanja pamene kankatengedwa. Sindikudziwa ngati Mulungu atipatsa mwana chaka chino, chaka chamawa, kapena ayi, ndipo kusadziwako kukundiopsa monga mmene kukumuopsera iye. Chimene ndalonjeza n'chakuti akachedwa, pa mzere wa kuchipatala woyamba kuima ndidzakhala ine.

Tsono inu azakhali, inu apongozi, inu anzathu a pa mpopi, mwamva nonse. Mukadzabwera kwathu n'kupeza m'nyumba muli zii, mudzayamba kuyang'ana ndani?